Vinka ndi Malo a Madzi Ozizira

Vinka anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala pachilumba chathu cha Losna. Ankakhala ndi amayi ake, a Neda. Ankakhalanso ndi agogo ake aamuna, a Roko. Iye ankawatchula kuti Nono, monga amachitira ana onse a kuno.

Vinka ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti amayi ake asachoke.

Amayi ake ankagwira ntchito m'nyanja. Ankajambula mapu a pansi pa madzi. Ankalemba pamene pali mchenga. Ankalemba pamene pali udzu. Ankalemba pamene pali korali.

Korali amaoneka ngati mwala. Koma si mwala. Ndi tizilombo tating'onoting'ono. Timamanga nyumba zolimba. Timakhala pamodzi tambirimbiri. Korali wa kuno ndi wobulungira ngati buledi. Sakula msanga. Chaka chonse amangokula ngati kanjere ka mpunga.

"Wofiirira ndi wamoyo," amayi ankatero. "Woyera ndi wodwala. Akayera nthawi yaitali, amafa."

Pamapu a amayi panali makorali 63. Onse anali kum'mawa kwa chilumba. Aliyense anali ndi nambala yake. Amayi anawayang'anira zaka khumi ndi chimodzi.

Chaka chimenecho kunatentha kwambiri. Pa 3 Ogasiti madzi anafika madigiri 29. Korali sakonda madzi otentha chotero. Madziwo sanazizire kwa masiku 26.

Tsiku lililonse amayi ankalowa pansi pa madzi. Ankabereka botolo la mpweya. Ankavala magalasi a m'madzi. Vinka ankawadikira padoko.

"Amayi, lero angati?"

"Ayera asanu."

Mawa lake Vinka anadikiranso.

"Amayi, lero angati?"

"Ayera khumi ndi awiri."

Pa 29 Ogasiti Vinka anadikiranso.

"Amayi, lero angati?"

Amayi anatula botolo la mpweya. Anakhala pansi padoko. Sanavule zovala za m'madzi. Tsitsi lawo linali kudontha.

"Onse, mwanangu. Afa onse."

"Ngakhale nambala 17?"

"Ngakhale nambala 17. Amene uja ndinkamuyeza iwe uli m'mimba."

Vinka anakhala pambali pawo. Diresi lake linanyowa. Iye sanasunthe.

Pa 4 Seputembala kunabwera kalata. Inachokera ku ofesi ya amayi, kumzinda. Amayi anaiwerenga patebulo. Anaiwerenga kawiri.

"Akuti chiyani?" anafunsa Nono.

"Akuti kuno kulibe korali wamoyo. Akuti kuno ntchito yatha. Akunditumiza ku Nyanja Yofiira."

"Masiku angati?" anafunsa Vinka.

"Zaka ziwiri."

"Ine ndipita nawo?"

"Ayi, mwanangu. Kumeneko ndizikakhala m'sitima. Iwe uli ndi sukulu. Utsala ndi Nono."

"Muchoka liti?"

"Pa 30 Seputembala. Pasitima ya m'mawa."

Vinka anawerenga zala. Amayi akamadzabwera, iye adzakhala ndi zaka khumi. Supu yake inazizira m'mbale. Tsiku limenelo sanadye. Mawa lake anangodya kabuledi kakang'ono.

Nono anali msodzi. Kuno msodzi aliyense ali ndi malo ake m'nyanja. Malowo salembedwa papepala. Amapezeka ndi maso. Mwini malo amauza munthu mmodzi yekha. Amauza kamodzi pa moyo wake wonse. Nono anauzidwa ndi bambo awo. Koma Nono sanauze mwana wawo Neda.

"Wolemba mapu sauzidwa malo," ankatero Nono. "Amauza dziko lonse."

Loweruka, pa 9 Seputembala, Nono anadzutsa Vinka m'mamawa.

"Dzuka, kamtsikana iwe. Mwana wosadya amadyetsedwa mphepo ya panyanja."

Padoko anapeza a Frane. A Frane anali msodzi mnzawo wa Nono. Anali kukonza injini.

"Roko! Lero watenga kapitawo?"

"Ndatenga wodziwa ntchito. Osati iwe."

"Ukupita kuti? Ndiuze, ndikuperekeze."

"Ndikupita kumene injini yako singafike. Kunja kwa doko."

A Frane anaseka. Anawagenda ndi khoko la lalanje.

Boti linapita kumadzulo. Linazungulira thanthwe lalikulu. Kumeneko amayi sankapitako. Mapu akale ankati kuli mchenga wokhawokha.

Nono anazimitsa injini.

"Yang'ana kumtunda. Ukuona nsanja ya tchalitchi?"

"Ndikuiona."

"Ukuona mkuyu uja?"

"Ndikuuona."

"Nsanja ikhale pamwamba pa mkuyu. Tsopano yang'ana uku. Khola la mbuzi lija litulukire kuseri kwa thanthwe."

Nono anapalasa pang'ono. Nsanja inakhala pamwamba pa mkuyu. Khola linatulukira kuseri kwa thanthwe.

"Ndi pano. Ika dzanja m'madzi."

Vinka anaika dzanja. Anadzidzimuka.

"Akuzizira!"

"Pansi pano pali kasupe. Amachokera m'phiri. Nsomba zazikulu zimakonda pano. Bambo anga anandiuza ine. Ine ndauza iwe. Ndatha. Malo awa ndi ako tsopano."

"Anga?"

"Ako. Iwe udzauza munthu mmodzi yekha. Udzauza kamodzi kokha. Wamva?"

"Ndamva, Nono."

Nono anakoka ukonde umene anatchera dzulo lake. Munali nsomba zazikulu zisanu ndi imodzi. Munalinso kamwala. Kanali katang'amba ukonde.

"Mwala wachabe uwu!" anakalipa Nono. "Zaka makumi asanu ukunding'ambira maukonde!"

Anafuna kukaponya. Vinka anagwira dzanja lawo.

"Dikirani, Nono."

Vinka anakatenga. Kanali kobulungira. Kanali ndi timabowo tambirimbiri. Kanali kofiirira.

"Nono, uyu ndi korali. Ndi wofiirira. Ndi wamoyo!"

"Mwala ndi mwala," anatero Nono. Anayang'ana kumbali.

Vinka anakabwezera m'madzi mosamala. Kanamira pang'onopang'ono. Iye anakayang'ana mpaka kanasowa.

Kunyumba Vinka sanauze amayi za korali uja. Anadya nsomba.

Masiku anapita. Amayi anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Anaikamo mabuku. Anaikamo magalasi a m'madzi. Mapu a makorali 63 anawapinda. Anawaika m'kabati.

Tsiku lina amayi anaitana Nono.

"Bambo, bwerani muphunzire kuluka tsitsi."

"Ine? Ndimaluka maukonde ine."

"N'chimodzimodzi. Gawani patatu."

Nono anagwira tsitsi la Vinka. Zala zawo zinali zazikulu. Zinali zokhakhala. Anakoka kwambiri.

"Mayo! Nono, si chingwe cha boti!"

"Khala bata, kamtsikana iwe."

Analuka. Chimene analukacho chinakhota. Mbali ina chinali chachikulu. Mbali ina chinali chaching'ono. Amayi anaseka. Kenako kuseka kunatha. Analowa kuchipinda. Anatseka chitseko.

Vinka anamva amayi akulira. Nono anamvanso. Anali adakagwira tsitsi lija.

Pa 20 Seputembala kunatsala masiku khumi. Nono anali pakhonde. Anali kusoka ukonde. Vinka anaima patsogolo pawo.

"Nono, ndifunse?"

"Wayamba kale."

"Malo aja ndi anga?"

"Ndi ako."

"Ndingauze munthu mmodzi?"

"Mmodzi yekha."

"Ndikufuna kuuza amayi."

Zala za Nono zinaima.

"Ukudziwa zimene adzachite amayi ako?"

"Adzalemba pamapu."

"Adzazunguliza mzere wofiira. M'kati mwa mzerewo simuponyedwa ukonde. Simuponyedwa nangula. Ine sindidzawedzanso pamenepo. Frane adzapadziwa. Ngakhale mbuzi za Frane zidzapadziwa."

"Koma amayi sadzachoka."

"Mwina. Mwina pansipo pali korali mmodzi yekha. Mwina adzachokabe. Malo tidzataya. Amayi akonso tidzataya."

Vinka anayang'ana pansi.

"Nanga mwana wako?" anafunsa Nono. "Ukadzakula, iye udzamuuza chiyani? Mwayi ndi umodzi."

"Mwana wanga kulibe, Nono. Amayi anga alipo."

Nono anayang'ana ukonde. Anatenga singano. Anasoka bowo limodzi. Anasoka lachiwiri. Anasoka lachitatu.

"Malo ndi ako," anatero. "Pakamwa ndi pako."

Masana amenewo Nono sanadye. Anakhala padoko okha. Anayang'ana kumadzulo.

Mawa lake Vinka anapeza amayi akuchapa. Anawakoka dzanja. Anawanong'oneza m'khutu. Anawauza za nsanja ndi mkuyu. Anawauza za khola la mbuzi. Anawauza za madzi ozizira. Anawauza za kamwala kofiirira.

Amayi anapukuta manja. Anapita kwa Nono.

"Bambo, mwalola?"

"Usandifunse ine. Funsa mwini malo."

"Ndikudziwa zimene mukutaya."

"Sukudziwa. Iwe unasankha mabuku."

"Ndinasankha nyanja, Bambo. Yomwe ija yanu."

Nono anakanda ndevu.

"Boti linyamuka mawa sikisi koloko. Wochedwa atsala."

Pa 22 Seputembala anapita onse atatu. Nono anagwira chiwongolero. Sanaloze kalikonse. Vinka anakhala kutsogolo. Iye ndiye ankalamula.

"Kumanja pang'ono, Nono. Nsanja sinafike pamkuyu. Pang'ononso. Basi! Khola latulukira!"

Nono anatenga nangula. Amayi anakweza dzanja.

"Nangula ayi, Bambo. Amaswa korali."

"Nanga boti liima bwanji?"

"Muligwira ndi nkhafi."

"Ine, ndi msana uwu?"

Koma nangula anamuika pansi m'boti. Anatenga nkhafi.

Amayi anabereka botolo la mpweya. Anavala magalasi. Anatenga kamera. Anatenga kabolodi kolembapo m'madzi. Analowa. Madzi anawatseka.

Vinka anayang'ana thovu. Thovu linali kutuluka apa. Kenako linali kutuluka apo. Nono anali kupalasa. Mphepo inali kukankha boti. Nono anali kulibweza. Thukuta linatsika m'ndevu zawo.

Panapita mphindi khumi. Panapita mphindi makumi awiri.

"Nono, bwanji akuchedwa?"

"Munthu akapeza mchenga wokha sachedwa."

"Ndiye kuti apeza?"

"Sindinatero."

Panapita mphindi makumi anayi. Mutu wa amayi unatulukira. Anagwira m'mbali mwa boti. Anavula magalasi. Maso awo anali ofiira. Anangopereka kabolodi kwa Vinka.

Vinka anawerenga. Panalembedwa 41.

"Amayi, ayera angati?"

"Palibe woyera. Onse ndi ofiirira. Onse ndi amoyo."

Amayi anapuma. Kenako anapitiriza.

"Ali pa mamita khumi ndi awiri. Madzi ake ndi madigiri 21. Wina ndi wamkulu ngati tebulo lathu. Ameneyo ndi wakale kuposa inu, Bambo. Ndi wakale kuposa agogo anga."

Vinka analumpha. Boti linagwedezeka. Anakumbatira khosi la amayi. Ananyowa yense.

Nono sanalumphe. Anayang'ana nsanja. Anayang'ana mkuyu. Anayang'ana khola la mbuzi. Anavula chipewa. Anachivalanso.

"Tiyeni kwathu," anatero.

Masana omwewo amayi anatumiza zithunzi kumzinda. Anatumizanso mapu atsopano. Pamapupo panali mzere wofiira.

Anadikira tsiku limodzi. Yankho silinabwere. Anadikira masiku atatu. Yankho silinabwere. Sutikesi inali idakali pakhomo. Vinka ankaizungulira. Sankaikhudza.

Pa 27 Seputembala yankho linafika. Amayi analiwerenga ataima.

"Akuti makorali awa ayang'aniridwe. Akuti ayezedwe mwezi ndi mwezi. Akuti ndikhale."

"Mpaka liti?" anafunsa Vinka.

"Zaka zisanu, kuyambira pano."

Vinka anawerenga zala. Dzanja lonse linatha. Anakhala pansi n'kulira. Amayi anamunyamula ngati khanda.

Mapu atsopano anakhomedwa padoko. Asodzi onse anabwera kudzaona. A Frane anaika chala pamzere wofiira.

"Roko! Kani ndi apa? Zaka makumi anayi ndakhala ndikukutsatira. Ndinkadutsa pomwepa mlungu uliwonse!"

"Unkadutsa uli mtulo."

"Tsopano ndapadziwa, koma akuti ndisaponye ukonde. Chilungamo chili kuti?"

"Funsa mdzukulu wanga."

A Frane anasiya kuseka. Anayang'ana mnzawo. Anamugwira paphewa.

"Kumalo kwanga kuli nsomba zazing'ono," anatero. "Ndizikupatsako. Koma malowo sindikuuza."

"Sunga. Nsomba zako n'zaminga."

Nono anabwerera kunyumba. Anatenga ukonde wawo waukulu. Anautsuka ndi madzi a pachitsime. Anauyanika. Utauma anaupinda. Anauika m'thumba. Anakweza thumbalo kudenga. Vinka anawagwirira makwerero.

"Nono, mwandikwiyira?"

"Ayi."

"Mukumva chisoni?"

"Inde."

"Inenso."

"Ndikudziwa. Gwira makwerero bwino."

Pa 30 Seputembala sitima ya m'mawa inalira padoko. Inalira katatu. Kenako inanyamuka. Amayi anali m'khitchini. Anali kusenda mbatata. Vinka anali kutsuka masamba.

Masana anakhala patebulo onse atatu. Amayi anagawa supu. Nono anavundula ndi supuni. Anavundulanso.

"Neda, nsomba ili kuti?"

"Lero kulibe, Bambo."

"Mbatata ndi masamba basi?"

"Ndi mafuta a azitona."

"Nsomba zanga zonse zili pamapu," anatero Nono.

Vinka anaseka. Amayi anaseka. Nono anapukuta m'maso ndi dzanja. Ananyema buledi. Anagawa patatu. Chigawo chachikulu anapatsa amayi.

"Idya. Lolemba ulowa m'madzi."

"Mukudziwa bwanji?"

"Nangula unaletsa. Boti akugwirira ndani? Frane?"

"Msana wanu uja, Bambo?"

"Msana ndi wanga."

Nono anayang'ana Vinka.

"Iwe, mwini malo. Ukundilola kufikako?"

Vinka anameza mbatata. Anaganiza pang'ono.

"Ndakulolani, Nono."

Nono anaweramitsa mutu. Anayamba kudya. Anatha mbale yonse. Vinka anawagawira ina.